Kuswa Selo Popanda Kuwononga za M'kati: Za Madzi Otulutsira Mapuloteni m'Labotale

Mwa ntchito zonse zimene zimachitika m'nyumba zofufuzira zamoyo, palibe ina yochitika kawirikawiri, ndipo palibenso ina yopeputsidwa kwambiri, koposa ntchito ya kuswa maselo kuti mapuloteni okhala m'kati mwake atuluke. Madzi ochitira ntchitoyi, amene akatswiri amawatcha lysis buffer, amakhala m'botolo losaoneka bwino kuseri kwa firiji, ndipo ambiri amawathira monga adauzidwira, madontho akuti kwa mphindi zakuti, osafunsa chimene chili m'botolomo kapena chifukwa chake chidaikidwamo. Komatu zonse zimene wofufuza adzaona pambuyo pake, ngakhale atakhala ndi makina a mtengo wapatali ndi nzeru zakuya zowerengera zotsatira, zimamangidwa kapena kugwetsedwa m'theka la ola loyambalo; pakuti makina sangayese chimene sichidatuluke m'selo, ndipo sangaukitse chimene chidawonongeka potuluka. Chifukwa chake nkoyenera kuti tiilondole nkhaniyi mofatsa, kuyambira pa chimene chikufunidwa kufikira pa mtengo umene njira iliyonse imalipiritsa, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapuloteni ndiwo antchito a thupi la chamoyo chilichonse. Haemoglobin imene imanyamula mpweya m'magazi ndi puloteni, insulin imene imalamulira shuga ndi puloteni, ma antibody olimbana ndi matenda ndi mapuloteni, ndiponso ma enzyme onse amene amagaya chakudya ndi kumanga minofu ali a fuko lomwelo. Puloteni iliyonse ili unyolo wa tizidutswa totchedwa ma amino acid, timene tili ta mitundu 20, ndipo unyolowo ukalumikizidwa umadzipinda mwa mapindidwe akeake, amene ndiwo amaipatsa ntchito. Kotero kuti puloteni yotambasuka, ingakhale tizidutswa take tonse tilipo osasowa ndi kamodzi komwe, yafa ku ntchito yake. Zimene zimagwira mapindidwewo ndi mphamvu zofooka, zosachedwa kumasuka ndi kutentha, ndi asidi, ndi mchere wochuluka kapena wochepa, ngakhale ndi thovu lomwe. Aliyense amene adaona choyera cha dzira chikulimba m'madzi owira adaona puloteni ikutaya mapindidwe ake, ndipo akudziwa kuti palibe mphika umene ungabwezere dziralo ku uwisi wake.

Chuma chosalimbachi chimasungidwa m'selo, ndipo selo lili ndi linga lake. Mu 1925 Gorter ndi Grendel a ku Leiden adachotsa mafuta a m'maselo ofiira a magazi, nawayala pamwamba pa madzi, napeza kuti malo amene mafutawo adakuta adali owirikiza kawiri ukulu wa khungu la maselowo. Ndipo adazindikira potero kuti nembanemba yokuta selo ili ya mafuta ondandalikidwa m'mizere iwiri, mitu yake yokonda madzi itayang'ana kunja, michira yake yothawa madzi itabisala pakati. Mu 1972 Singer ndi Nicolson a ku California adawonjezapo kuti mapuloteni ambiri amakhala omizidwa m'mafutamo, nayandama uku ndi uko. M'kati mwa linga lalikululo mulinso tizipinda tina, kalikonse ndi nembanemba yake, monga nucleus yosunga DNA ndi ma mitochondria opanga mphamvu. Tsono mapuloteni sakhala malo amodzi: ena amangosungunuka m'madzi a m'selo, ena adazika mizu m'nembanemba, ena adamangika pa DNA, ndipo ena ndiwo mizati ndi mitanda yochirikiza selolo. Maselo a zomera, a yisiti ndi a mabakiteriya alinso ndi khoma lina lolimba kunja kwa nembanemba, limene maselo a nyama ndi a munthu alibe.

Akale adayamba ndi mphamvu ya manja. M'chaka cha 1897 Eduard Buchner wa ku Germany, pogwira ntchito pamodzi ndi mkulu wake Hans, adasakaniza yisiti ndi mchenga ndi dothi losalala lotchedwa kieselguhr, nasinja mumtondo kufikira maselo adaphulika, nakulunga phalalo m'nsalu yolimba, nalifinya ndi makina amphamvu mpaka madzi adatuluka. Ndipo pofuna kuti madziwo asaole adathiramo shuga wambiri, koma taonani, madziwo adayamba kuwira ndi kusandutsa shugayo mowa ndi mpweya, m'menemo mulibe selo lamoyo lochita ntchitoyo. Pamenepo dziko lidadziwa kuti ntchito za moyo zingathe kupitirira kunja kwa selo, bola antchito ake atulutsidwe amphumphu, ndipo Buchner adalandira mphoto ya Nobel mu 1907. Luso lofunika pano lifanana ndi la amayi okonola chimanga, amene amawaza madzi pang'ono nasinja ndi muyeso, kuti gaga achoke koma mphale itsale yathunthu. Wochepetsa mphamvu amasiya gaga atamatirira, ndipo wopitiriza amatsala ndi misere yokhayokha.

Phunziro lakuya koposa pa nkhaniyi lidachokera ku Louvain, m'dziko la Belgium. Mu 1949 Christian de Duve ndi anzake ankafufuza ma enzyme a m'chiwindi cha khoswe, ndipo atapera chiwindicho mofatsa, m'madzi a shuga osunga tizipinda ta m'selo tathunthu, adayesa enzyme ina yotchedwa acid phosphatase naipeza yochepa zedi, ngati limodzi la magawo khumi a imene ankaipeza akapera mwankhanza ndi makina a mipeni. Adasunga madziwo m'firiji, ndipo atayesanso patapita masiku angapo adapeza kuti enzyme ija yachuluka, ngakhale palibe munthu adathiramo kanthu. Munthu wopupuluma akadati muyeso woyamba udalakwika nautaya, koma iwo adalondola chodabwitsacho mpaka adazindikira kuti enzymeyo idali yotsekeredwa m'timatumba, timene kupera kofatsa kudatisiya tathunthu ndipo tidang'ambika pang'onopang'ono m'masiku a m'firijiwo. Mu 1955 timatumbato adatitcha ma lysosome, ndipo mu 1974 de Duve adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Albert Claude ndi George Palade. Chiwindi chidali chimodzi, enzyme idali imodzi, koma mayankho adali awiri, monga mwa maswedwe a selo. Ndipo zimenezi ndizo mutu wa nkhani yonseyi.

Timatumba ta de Duve tidaululanso choopsa china, chakuti selo limasenza owononga ake m'mimba mwake. M'ma lysosome muli ma enzyme ogaya a mitundu yoposa 50, okhala m'madzi a asidi, ndipo pakati pawo pali ma protease, amene ntchito yawo ndi kudula mapuloteni ena. Enanso a mtundu womwewo amakhala m'madzi a m'selo, omangidwa ndi malamulo a selo lamoyo. Pamene linga lagwa, zonse zimene zidalekanitsidwa zimakomana: odula amagwera odulidwa, asidi amatayikira ponseponse, mpweya wa kunja umafika pa ziwalo za puloteni zimene sizidauonepo, mapuloteni ozolowera kuthithikana amabalalika m'madzi ochuluka, ndipo DNA imatuluka nisandutsa madziwo chinthu chonanda chosakokeka bwino ndi pipette. Madzi akatayika saoleka, ndipo puloteni yodulidwa silumikizika. Chotero madzi oswera maselo ali ndi maudindo anayi pa nthawi imodzi: kutsegula nembanemba, kusungunula puloteni yofunidwa, kuipatsa malo ofanana ndi kwawo kumene yachokera, ndi kumanga manja a adani ake. Chilichonse choikidwa m'botolomo chimatumikira umodzi wa maudindo amenewa, ndipo chimene sichitumikira uliwonse sichiyenera kukhalamo.

Maziko a madziwa ndiwo mankhwala oletsa asidi kukwera kapena kutsika, amene ndiwo buffer yeniyeni. Muyeso wa asidi wotchedwa pH adaukhazikitsa Søren Sørensen wa ku Carlsberg Laboratory, mumzinda wa Copenhagen, mu 1909, ali pa kafukufuku wa ma enzyme; ndipo pa muyesowo kutsika kwa nambala imodzi kutanthauza kuwirikiza kwa asidi kakhumi. Magazi a munthu amakhala pa 7.4, ndipo ma buffer ambiri oswera maselo amaikidwa pakati pa 7 ndi 8. Wodziwika koposa ndi Tris, wotsika mtengo ndi wokhulupirika, amene amathiridwa pa muyeso wa 20 kufikira 50 mM. Komabe ali ndi khalidwe limene ambiri amaliiwala, lakuti pH yake imakwera pamene madzi akuzizira, kotero kuti botolo lokonzedwa pa 8.0 m'chipinda cha madigiri 25 limafika pafupifupi 8.6 likakhala pa madzi oundana. Wanzeru amayesa pH pa kuzizira komweko kumene adzagwirirapo ntchito. Mu 1966 Norman Good wa ku Michigan State University, amene ankafufuza m'mene masamba amagwirira kuwala, adalengeza gulu la ma buffer atsopano osankhidwira zamoyo, ndipo mwa iwo HEPES ndiye adafala, chifukwa sasinthasintha kwambiri ndi kuzizira. Buffer ya phosphate iliponso, koma imagwirana ndi calcium nigwa pansi, ndipo imasokoneza amene akufufuza phosphate wa pa mapuloteni.

Chachiwiri ndi mchere, ndipo kawirikawiri ndi mchere womwewu wa m'ndiwo, woyeretsedwa. Muyeso wozolowereka ndi 150 mM, umene uli pafupi ndi magalamu 9 pa lita imodzi, mofanana ndi madzi a diripi a kuchipatala. Pa muyesowu mapuloteni sagwiranagwirana mwachisawawa, komanso amene adali ogwirizana m'selo salekana. Ukachepetsedwa kwambiri, madzi amalowa m'selo mpaka litatupa, ndipo imeneyi ndiyo njira yofatsa koposa, yotulutsa za m'madzi a m'selo nucleus ili yathunthu, makamaka akathandizira ndi kachipangizo kagalasi ka Dounce. Ukawonjezedwa kufika pa 400 mM kapena kupitirirapo pang'ono, umamasula mapuloteni omangika pa DNA, ndipo ndi mmene ofufuza za malamulo a majini amawatulutsira m'nucleus. Koma mchere womwewo umene wamasula puloteni pa DNA ungailekanitsenso ndi bwenzi lake limene wofufuza ankafuna kulidziwa. Ambiri amathiramonso glycerol, limodzi la magawo khumi a madziwo, kuti mapindidwe akhazikike ndi kuti kuundana kusawaswe posunga.

Chachitatu, chimene chili mtima wa nkhani, ndi sopo. Sopo wa m'labotale, amene amamutcha detergent, ali ndi chilengedwe chofanana ndi cha mafuta a nembanemba, mutu wokonda madzi ndi mchira wowathawa. Ndipo akachuluka m'madzi kupitirira muyeso wina, amadzisonkhanitsa m'timagulu tozungulira, michira m'kati, mitu kunja. Michirayo imalowerera pakati pa mafuta a nembanemba niwalekanitsa, ndipo puloteni imene idali yomizidwa m'mafuta imavekedwa lamba wa sopo m'malo mwa mafuta aja, nitha kuyandama m'madzi osaundana ndi zinzake. Kusiyana kwa mitundu ya sopo kwagona pa mutu. Amene mutu wake ulibe mphamvu ya magetsi, monga Triton X-100 ndi NP-40, amathiridwa limodzi pa magawo 100, nasungunula nembanemba ya kunja koma osatambasula mapuloteni, ndipo pa mchere wapakati amasiya nucleus. Ofatsa koposa ndi digitonin, wochokera ku duwa la foxglove, ndi saponin, wochokera ku khungwa la mtengo wa Quillaja wa ku Chile, amene amagwira cholesterol yekha naboola tizibowo, osapasula nembanemba yonse. Deoxycholate ndi mchere wa m'ndulu, umene thupi lomwe limagayira mafuta, ndipo ndi waukali pang'ono. Pamwamba pa onse pali SDS, wa mutu wa magetsi, amene amakulunga unyolo wonse, magalamu 1.4 pa galamu imodzi ya puloteni, nautambasula kotheratu.

Pa makwerero amenewa wofufuza ayenera kusankha poima, ndipo chomutsogolera ndi funso lake. Wofuna kuyesa ntchito ya enzyme, kapena kudziwa mapuloteni amene amayendera limodzi, amaima m'munsi, pa Triton X-100 kapena NP-40, navomera kuti zina zidzatsala osasungunuka. Wofuna kutulutsa zochuluka, za m'nembanemba ndi za m'nucleus zomwe, amakwera kufika pa RIPA, buffer yofala koposa m'malabotale a maselo a nyama, imene imaphatikiza Tris, mchere wa 150 mM, NP-40 wa 1%, deoxycholate wa 0.5% ndi SDS wa 0.1%; imeneyi imakolola zambiri, koma imapasula maubwenzi ofooka ndi kufooketsa ma enzyme ena. Wofuna kungodziwa ngati puloteni ilipo ndi kuchuluka kwake amakwera pansonga, pa buffer imene Ulrich Laemmli adalongosola mu 1970 ali ku Cambridge, pofufuza mutu wa kachirombo ka T4 kogwira mabakiteriya: SDS wa 2% pamodzi ndi mankhwala odula milatho ya sulufule, ndi kutenthetsa pa madigiri 95 kwa mphindi zisanu. Pamenepo mapuloteni onse amatambasuka, ma protease omwe amafa, ndipo magetsi amawakoka kudutsa m'gel nawandandalika monga mwa ukulu wawo, kuti asamutsidwire pa pepala la nitrocellulose mwa njira imene Towbin, Staehelin ndi Gordon a ku Basel adalengeza mu 1979, yotchedwa tsopano western blot. Njirayi imaona zambiri koposa, koma imaona mitembo yokha. Ndipo mapuloteni ena a m'nembanemba akawiritsidwa amaundana osalowa m'gel, kotero kuti amafuna kufunditsa kokha.

Chachinayi ndi alonda, ndipo woyamba wa iwo sagulidwa m'botolo, pakuti ndiye kuzizira ndi changu. Ntchito yonse imachitikira pa madzi oundana, makina opukusa otchedwa centrifuge amaikidwa pa madigiri 4, ndipo zotuluka zimagawidwa m'timachubu ting'onoting'ono ndi kusungidwa pa madigiri 80 pansi pa ziro, kuti kalikonse kasungunulidwe kamodzi kokha. Apa zengerezu amalindadi kwawukwawu. Kenaka pali mankhwala oletsa ma protease, ndipo popeza odulawo ali a mafuko osiyana, mlonda mmodzi sakwanira. PMSF amaletsa a fuko la serine, koma ndi poizoni wofuna kusamala, ndipo m'madzi sakhalitsa: pa pH 8 ndi madigiri 25 theka lake limatha m'mphindi 35 zokha, chifukwa chake amathiridwa pa nthawi yoswayo. Aprotinin amachokera m'mapapu a ng'ombe. Leupeptin ndi pepstatin adazipeza Hamao Umezawa ndi anzake ku Tokyo, mu 1969 ndi 1970, m'tizamoyo ta m'dothi. Ndipo EDTA amalanda zitsulo zimene fuko lina la odula limadalira. Ofufuza za mauthenga a m'selo, monga a khansa, amawonjeza sodium fluoride ndi sodium orthovanadate, chifukwa uthengawo umalembedwa ndi phosphate womatidwa pa puloteni, ndipo ma enzyme ofufuta amaufafaniza msanga selo likangosweka. Pomaliza pali DTT, amene W. Wallace Cleland wa ku Wisconsin adamdziwitsa mu 1964, wotchinjiriza sulufule wa m'puloteni kuti mpweya usammange milatho yachilendo.

Munthu akamva za ubwino wa zonsezi angaganize zozithira zonse pamodzi, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, pakuti chothandiza pa sitepe yoyamba chimasanduka chopunthwitsa pa yachiwiri. Mapuloteni ambiri opangidwa m'mabakiteriya amavekedwa mchira wa ma amino acid a histidine asanu ndi limodzi kuti akodwe pa chitsulo cha nickel poyeretsa. Koma EDTA amalanda nickel yemweyo, ndipo puloteni imadutsa osakodwa. Enzyme imene ena amathira kuti idule DNA yonanda ija imafuna magnesium, amenenso EDTA amamlanda. Poyesa kuchuluka kwa mapuloteni, njira ya Marion Bradford ya 1976, imene utoto wake umasanduka wobiriwira ngati thambo, imasokonezeka ndi sopo. Njira ya BCA ya 1985, yodalira mkuwa, imapirira sopo koma imanamizidwa ndi DTT, amene amasintha mkuwawo ngakhale puloteni palibe. Triton X-100 amameza kuwala kwa 280 nm, komwenso mapuloteni amayesedwera; SDS amagwa pansi akazizira kapena akakomana ndi potassium; ndipo makina oyesa kulemera kwa tizidutswa, otchedwa mass spectrometer, amachititsidwa khungu ndi sopo wochepa chabe. DTT yemwe, akachuluka, amadula milatho yogwirizira ma antibody amene wofufuza afuna kukolera nawo puloteni yake. Chotero buffer imakonzedwa kuyambira kumapeto a ulendo kubwerera kuchiyambi, munthu atadziwiratu chimene adzachite ndi madziwo mawa ndi mkuja.

Maselo a makoma olimba amafuna kuti mphamvu ithandizane ndi mankhwala. Pa bakiteriya wa E. coli, amene dziko limapangiramo mapuloteni ambiri, kuphatikizapo insulin ya munthu imene idavomerezedwa koyamba mu 1982, amathira lysozyme, enzyme imene Alexander Fleming adailongosola ku London mu 1922 ndipo imapezeka m'mamina, m'misozi ndi m'choyera cha dzira. Imeneyi imadula ulusi wa khomalo, ndipo kenaka amawomba maselowo ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, kapena kuwakankha ndi mphamvu yaikulu podutsa pa kabowo ka French press. Mafunde aja amatenthetsa madzi ndi kuutsa thovu, motero amawomba kwa masekondi ochepa napumira pa madzi oundana. Nthawi zina bakiteriya amaunjika puloteni yachilendoyo m'timiyala tosasungunuka, ndipo pamenepo palibe kuchitira mwina koma kuitambasula ndi urea wa 8 M kapena guanidine wa 6 M, ndi kuinyengerera pambuyo pake kuti idzipindenso. Masamba ndi mizu amaziumitsa ndi nitrogen wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, nazisinja mumtondo zikali zouma gwa. Ndipo popeza zomera zili ndi mankhwala amene amadetsa chipatso chodulidwa ndi kumatirira pa mapuloteni, amathiramo ufa wa PVPP kuti uwagwire asanafike pa chofunidwacho.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife, chifukwa imachitika tsiku ndi tsiku paliponse pamene malungo akuyezedwa. Kachirombo ka Plasmodium kamabisala m'selo lofiira la magazi, lodzala ndi haemoglobin imene ingakwirire mapuloteni a kachiromboko. Ndipo ofufuza amathira saponin wochepa, amene amaboola nembanemba ya selo lofiira chifukwa ili ndi cholesterol wambiri, koma amasiya ya kachirombo imene ili ndi wochepa, kotero kuti haemoglobin imatsukidwa ndipo tizirombo timatsala tathunthu. Kachipangizo koyezera malungo mwamsanga, kamene kadafalitsidwa m'zipatala za m'Malawi mu 2011, kamadalira luso lomweli: madontho amene wachipatala amathira pambuyo pa dontho la magazi ndiwo buffer yoswa maselo ofiira, yomasula mapuloteni a kachirombo monga HRP2 ndi kuwayendetsa pa kapepala kufikira pa mzere wa ma antibody. Kabotolo kakatha kapena kakasowa, pamakhala yesero lothira madzi wamba, madzi a diripi kapena buffer ya kampani ina; koma ofufuza a ku Institute of Tropical Medicine ku Antwerp adaonetsa mu 2010 kuti kusinthanitsa kotere kumatulutsa mizere yabodza, yonena kuti munthu ali ndi malungo pamene alibe. Mwana wa malungo onama amapatsidwa mankhwala osayenera, ndipo matenda ake enieni amatsala akumudya. Madontho aja sali onyowetsera chabe. pH yake, mchere wake ndi sopo wake zidayesedwera ma antibody a kachipangizo kameneko.

Maselo atasweka, madziwo amapukusidwa pa centrifuge, kawirikawiri pa mphamvu yoposa kukoka kwa dziko ka 14,000, kwa mphindi 10 kapena 15, ndipo amalekana pawiri: madzi oyera pamwamba ndi nsenga pansi. Mwambo ndi wakuti madzi oyera amasungidwa ndipo nsenga zimatayidwa, ndipo m'mwambo umenewu ndimo mumabisala cholakwa chachikulu cha ntchitoyi, popeza nsengazo si zinyalala ayi, ndizo zonse zimene buffer yosankhidwayo idalephera kusungunula. M'menemo mumagona mapuloteni omangika pa DNA, mizati ya selo, ndi mapuloteni oundana amene ali pa mtima pa matenda a ubongo monga a Alzheimer ndi a Parkinson. Pali ma buffer ogulitsidwa okonzeratu, ndipo ali ndi ubwino wakuti botolo la lero limafanana ndi la chaka chatha. Koma ambiri saulula zimene zili m'kati, ndipo wosadziwa chimene wathira sangadziwe chimene wataya. Ngakhale zozolowereka zimasintha: kuyambira mu Januwale 2021 mayiko a European Union adaika Triton X-100 pansi pa chilolezo chapadera, chifukwa zotsala zake m'mitsinje zimasokoneza kubereka kwa nsomba, ndipo makampani opanga mankhwala akhala akufunafuna wolowa m'malo mwake.

Tikaunjika zonsezi pamodzi, tipeza kuti palibe buffer imodzi yoposa zonse, ndipo sidzakhalapo, chifukwa kufatsa kumasunga moyo wa puloteni koma kumasiya zambiri m'nsenga, pamene ukali umatulutsa zonse koma umapha zimene watulutsa, ndipo palibe madzi amene angakhale ofatsa ndi aukali pa nthawi imodzi. Chimene chilipo ndi buffer yoyenera funso lakutilakuti, ndipo imapezeka munthu akayamba wadzifunsa kumene puloteni yake imakhala m'selo, ngati akuifuna yogwira ntchito kapena yongowerengedwa, ndiponso njira imene adzaiyesere. Pamene yankho silidziwika, agawe maselo ake patatu, ayese yofatsa, yapakati ndi yaukali, nayang'ane madzi oyera ndi nsenga za iliyonse pa gel imodzi. Tsiku limodzi lotayidwa motero limawombola miyezi. Ndipo polemba zotsatira atchule chilichonse chimene adathira, ndi muyeso wake, ndi pH yake, ndi kuzizira kwake, kuti mnzake wa kutali athe kubwereza ntchitoyo ndi kuiweruza. Pakuti wofufuza ndi mboni, ndipo mboni yoona imasiyanitsa chimene sichidalipo ndi chimene iyo sidathe kuchiona. Chifukwa chake amene sadapeze puloteni m'madzi oyera asafulumire kulengeza kuti selo lilibe puloteniyo, kufikira atasungunula nsenga zake ndi SDS naona kuti nazonso zilibe.